Womiza wa Bwana Wraxall

Keziah anayamba kudabwa ndi malaya a mwamuna wake. M'mawa uliwonse ankawapeza atanyowa kuyambira m'zigongono kutsika, ozizira ngati madzi oundana, pomwe Jethro ankalumbira kuti sanatuluke panja.

Jethro ndiye anali womiza wa bwana Wraxall. Kumunsi kwa nkhalango ya pa esiteti ya bwanayo kunali kanyumba kosambiramo, kamiyala, makoma ake omatidwa zigoba za nkhono zam'nyanja, pansi pake pali thamanda la kasupe. Dokotala analamula kuti bwana azimizidwa m'madzi ozizirawo dzuwa lisanatuluke, ati nyamakazi ithawe. Nyamakazi sinathawe, unathawa ndi mtima. Bwana anafera m'manja mwa Jethro, ndipo kanyumbako anakakhoma loko.

Kuchokera pamenepo Jethro, chimphona chonyamula nkhosa paphewa, anayamba kuonda. Anatsokomola, milomo inada, buledi ankangomuyang'ana. Kukhitchini kwa nyumba yaikulu manong'onong'o anali atafika kale.

"Amuna ako uwamange chingwe, mwali," anatero Mayi Pardoe, ophika, akusenda mbatata. "Mlenje akuti kuthamanda kumamveka phava! phava! Ndiye wina amapuma ngati ng'ombe."

"Mlenje wanuyo mowa ukamukwana amamva ngakhale mitengo ikuyimba."

"Seka lero. Mawa usadzandilirire pa epuloni."

Keziah sanaseke. Usiku umenewo anabisa nsapato za Jethro, m'mawa anapeza matope kumapazi kwake. Usiku wotsatira anatchinga chitseko ndi benchi, nagona tulo tosadziwika kumene tachokera, ndipo podzuka benchi linali litabwezedwa bwinobwino pamalo pake. Mantha anamugwira zenizeni. Mwamuna wake ankatha iye akuona.

Tsono anaganiza zokhala tsonga, singano ili m'dzanja yodzibaya tulo tikabwera. Moto utazilala, Jethro anadzuka maso ali gwa, natuluka. Keziah anamulondola m'nkhungu, masamba owola akumata kumapazi, kadzidzi akulira patali. Pa kanyumba kosambiramo kaja loko anali chikhomere, koma chitseko chinali pululu.

M'katimo munali mdima wonunkha ndere. Madzi ankadontha, tho, tho, kenako anayamba kuwinduka ngati muli chinthu cholemera. Jethro anali atagwada m'mphepete, manja ali m'thamanda, msana utakungika ngati wa munthu wonyamula mnzake.

"A Jethro," ananong'ona, "tiyeni kunyumba."

"Sindingathe, mkazi wanga. Sanandimasule."

"Ndani?"

"Bwana. Ankati ngakhale akuwe chotani ndisawavuule mpaka anene okha kuti zakwana. Tsiku lija sananene. Wantchito sachoka asanauzidwe."

"Koma munthu tinamuika m'manda! Inu mufere ulemu?"

Mawondo a Jethro ankaseseleka pamwala, pang'onopang'ono, kulowera kumadzi. Keziah anaiwala mantha. Anagwada, napisa manja m'thamandamo kuti amukoke, ndipo m'madzimo anakhudza zala zina, zonenepa, zovala mphete, zitakanirira pa mikono ya mwamuna wake.

Anayamba kuzikanganula chimodzichimodzi, akulira, akutukwana. Zalazo zinamasuka. Kenako zinamufufuza mofatsa, ndipo zinamugwira iye.

"Haa," anatero mawu ochokera pansi pa madzi, mawu a munthu wokhutira. "Manja ofunda. Iwe Jethro, zakwana. Pita."

Jethro anagwa chagada. Keziah anasolola manja ake popanda womuletsa, namukwakwaza mwamuna wake mpaka kunyumba.

M'mawa Jethro anadya buledi yense, napempha wina. Anaseka, anamutsina Keziah patsaya, za usiku osakumbukako kanthu. Keziah anamuyang'ana ndi chimwemwe chowawa.

Madzulo ake anamufunditsa bulangete, nadikira mpaka nkonono utayamba. Sanafune kutuluka, Mulungu ndi mboni. Anangoona miyendo yake yatsika pabedi yokha, ndipo manja ake ayamba kupinda malaya mpaka m'zigongono.