Sipanala Pakati pa Mikuwa

Mayi wamagetsi anatuluka pageti la fakitale basi ya antchito itapita kale. Tsiku lonse makina anali chete kuti iye asinthe mipiringidzo ya mkuwa m'kabati yaikulu ya magetsi. Inalipo itatu, yofiira, yachikasu ndi yabuluu, iliyonse yotambalala ngati chikhatho, yotalikirana zala zinayi zokha. Moto wonse wa fakitale umadutsa m'menemo. Anamanga mabawuti onse n'kutseka chitseko. Woyatsa m'mawa anali iye yemwe.

Anakoleka chikwama cha zida paphewa n'kuuyamba wapansi. Njira yachidule inkadutsa pamlatho wa njanji, pomwe mababu anafa kalekale.

Ali pakati pa mlatho anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Mapazi nawo anaima. Anayenda. Nawo anayenda.

"Mwaweruka, mayi?"

Pambali pake panali bambo wamtali, wovala ovolosi yakale yong'ambika paphewa. Ankanunkha ngati waya wopserera.

"Ndaweruka, bambo," anayankha, dzanja likufufuza nyundo m'chikwama.

"Zida mwawerenga?"

Mayiyo anawonjezera liwiro. Bamboyo sanatsale, koma kupuma kwake sikunkamveka.

"Mkuwa sukhululuka, mayi. Sipanala ya 17 ili kuti?"

Mayiyo anaima. Anawerama n'kukhuthulira zida pansi. Ya 13 ilipo. Ya 19 ilipo. Ya 17...

Palibe!

Anadzutsa mutu. Mlatho wonse unali zii. Kutsogolo kopanda munthu, kumbuyo kopanda munthu. Fungo lokha ndilo linatsala.

Kwawo kunali pafupi, ana akudikira, koma anatola zida zake n'kuthamangira komwe anachokera.

"Mwaiwala chiyani, achemwali?" anafunsa mlonda wa pageti, mkulu wa imvi.

"Tengani tochi, tiyeni."

Anatsegula kabati ija. Kutsogolo zonse zinali bwinobwino, mikuwa ikunyezimira, mabawuti ali nganganga. Mayiyo anagwada n'kuunika kuseri. Sipanala inali pomwepo, itagona chopingasa, mutu pa mkuwa wofiira, mchira pa wachikasu. Akanangoyatsa m'mawa, kabati yonse ikanamuphulikira kumaso.

Anaichotsa n'kukhala pansi pasimenti.

"Mwakumbukira bwanji?" anafunsa mlonda.

"Sindinakumbukire. Andiuza bambo ena pamlatho."

Mlonda anazimitsa tochi.

"Aatali? Ovolosi yong'ambika paphewa?"

"Mukuwadziwa?"

"Ndi achimwene anga amenewo. Ntchito yanuyi ankagwira ndi iwo. Tsiku lina anaweruka atatopa, anaiwala sipanala pamalo omwewa, m'mawa anabwera n'kuyatsa. Ndine ndinawanyamula. Anatsirizikira pamlatho paja, tikuthamangira nawo kuchipatala. Mwezi wamawa zikwana zaka zisanu ndi zinayi."

Mayiyo anayang'ana sipanala ili m'manja mwake.

"Ndiye... ndalankhula ndi ndani?"

"Musaope, savulaza munthu," anatero mlonda, akukhoma chitseko cha kabati. "Inu ndinu wachitatu kubwerera chothamanga. Panali winanso, koma iye anati ndi chidakwa chabe, anapitirira kwawo."

"Anatani?"

"Ndi amene munalowa m'malo mwake, achemwali. Khalani m'kanyumba kanga mpaka kuche. Ndikuterekereni madzi a tiyi?"