Mwala wa mu Mgodi ku Bowie

Izi si za m'maluwa. Anazifotokoza a Morton Kachingwe eni ake, ndipo akazi awo, a Gwendoline, alipo, mutha kuwafunsa.

Mu 1982 a Morton ankagwira ntchito pa kampani ina ya zamaulendo ku Arlington, kutsidya kwa nyanja. Bwana wawo anawatuma kulemba kabuku ka alendo opita ku mzinda wina wa migodi ya mkuwa ku Zambia: kogona, kodyera, msika, ndi mmene mlendo angatsikire kukaona mgodi. Anapitako, nabwerako ndi mwala wobiriwira umene anatola pansi penipeni. Anauika patebulo m'chipinda chapansi pa nyumba yawo ku Bowie, momwe ankatayipira.

M'nyumbamo munkakhalanso apongozi awo, a Henderson Tembo, amene anakalambira mu mgodi womwewo. Atauona mwalawo nkhope inagwa. Anati m'kabukumo mulembedwe kuti wotuluka pomaliza mu mgodi amaitana anzake amene anafera pansi, kuti tiyeni tikwere. A Morton anaseka mpaka madalawo anasiyira pomwepo. Azungu awerenge zimenezo, ntchito ithe?

Kenaka paipi ya madzi inayamba kugogoda. A Morton akangokhala pa makina, go, go, go. Anaitana wokonza mapaipi, sanapeze kanthu. Mapepala ankawapeza achinyezi, zilembo zitafufutika, ndiye ayambirenso. Tsiku lopereka kabuku linkayandikira ndipo zinawakwana. Anati ndi apongoziwo akugogodera dala kuti mawu awo alembedwe. A Gwendoline analira, koma bambo awo anatumizidwa kwa mphwawo wa a Gwendoline ku College Park, ndipo a Morton anayamba kufunsa za tikiti ya ku Lusaka yoti madalawo abwerere kwawo.

Loweruka masana a Morton anali okha m'nyumba, akutayipa. Paipi inagogoda. Anatukwana. Inagogodanso. Babu linathima. Munadzaza fungo la onga ndi la miyala yonyowa. Kunatentha. Wina anatsokomola pafupi ndi khutu lawo, chifuwa chouma cha fumbi. Wina anayankha kukona.

Mantha anali nawo, koma mkwiyo unaposa.

"Chabwino, ndamva. Tiyeni tikwere."

Paipi inati zii. Anafufuza masitepe mumdimamo nayamba kukwera. Kumbuyo kwawo kunamveka jombo. Zambiri, zolemera, zosafulumira. Sanacheuke.

Madzulo anaimba foni ku College Park, kupepesa, nati abwera kudzawatenga. Anafotokoza zonse. A Tembo anafunsa:

"Mutafika pamwamba munawauza chiyani?"

"Palibe, bambo."

"Ife tinkaima pakhomo pa chikepe n'kuwauza kuti dzuwa mwaliona, bwererani. Inu mwangowasiya."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Munali kuseka, apongozi."

A Tembo anakana kwamtuwagalu kupondanso m'nyumbamo. Tikiti ija anaipempha okha, ndipo a Gwendoline anaperekeza bambo awo ku bwalo la ndege. A Morton anataya mwalawo mu mtsinje. Anaima pamwamba pa masitepe nanena mawu obwezera aja kangapo, mpaka anatopa. Kabuku kanatuluka bwinobwino, ndipo paipi sinagogodenso.

Koma a Gwendoline amati kapeti ya pabalaza sinaumenso. Amatinso masana, dzuwa likalowa pawindo, mipando inkalira umodziumodzi, ngati pakukhala anthu otopa.