Nelida ndi Ukonde Wokola Nkhungu

Nelida anali ndi kamtengo ka mapeyala. Anakadzala yekha. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti kamtengoko kasafe.

Nelida ankakhala ndi amayi ake paphiri, kunja kwa mzinda wa Lima. Nyumba yawo inali yomaliza. Popita kwawo umakwera masitepe. Umakwera, umakwera, mpaka miyendo kuyamba kudandaula. Masitepe akatha, ndiye kuti wafika.

Kwathu kuno mvula sigwa. Kumabwera nkhungu yokha. Imachokera kunyanja. Imaphimba nyumba. Imaphimba anthu. Imaphimba ndi agalu omwe. Koma pansi sisiya kanthu. Nkhungu yathu ndi youmira.

Madzi amabwera pagalimoto. Galimotoyo imaima m'munsi mwa phiri. Anthu amakwera nawo m'zigubu. Ndi akumwa, ophikira ndi ochapira. A mitengo satsala.

Kamtengo ka Nelida kanali m'dimba la anthu onse. Nelida ankakapatsa madzi otsukira mpunga. Inali kapu imodzi patsiku. Kamtengo kankamwa msangamsanga.

"Pepa," ankatero Nelida. "Atha."

Masamba ake anayamba kufota.

Lamlungu ndi tsiku la faena. Pa faena anthu amagwira ntchito limodzi. Palibe amene amalipidwa. Masitepe aja tinamanga pa faena. Dimba nalo tinalima pa faena.

Woitana anthu anali Mayi Eulalia. Anali aafupi. Koma mawu awo ankamveka mpaka kuseri kwa phiri.

"Aneba, tulukani," anatero. "Lero tikukola nkhungu."

Anthu anabwera ndi ukonde waukulu wakuda. Anabwera ndi mitengo iwiri yaitali. Anabweranso ndi paipi ndi mgolo.

"Nkhungu ikadutsa muukonde, imasiya timadontho," anatero Mayi Eulalia. "Timadontho tilowa m'paipi. Paipi ithira mumgolo. Dimba lathu limwa."

Nelida anasangalala. Anawomba m'manja.

"Nanga tiuimika pati?" anafunsa wina.

Bambo Teodoro, oweta nkhuku, analoza ndi chala.

"Kuseri kwa mwala waukulu uwo," anatero. "Mphepo sifikako."

Onse anavomera. Paphiri pano aliyense amaopa mphepo. Inasasulapo denga la Bambo Teodoro. Inagwetsapo mpanda wa dimba. Nyumba zathu zonse zimaifulatira. Ndiye ukonde nawo anaubisa bwinobwino.

Anakumba. Anaimika. Anamanga. Kenako anadya mpunga ndi nyemba za mumphika umodzi waukulu.

M'mawa Nelida anathamangira kumgolo. Anasuzumira. Munali mouma gwa.

Mawa lake anasuzumiranso. Munali mouma gwa.

Tsiku lina anapezamo kangaude.

Tsamba limodzi la kamtengo linathothoka. Linanso linathothoka. Panatsala awiri okha.

"Ukonde uwu ndi waulesi," anatero Bambo Teodoro. "Aneba, ingondipatsani. Ndikafolere khola la nkhuku zanga."

"Nkhuku zanu zidikire kaye, aneba," anayankha Mayi Eulalia. "Likafika Lamlungu mumgolo muli gwa, mudzautenge."

Nelida anamva zonse. Mtima unamuwawa. Ukonde ukapita kwa nkhuku, kamtengo kake kafa.

Anakwera masitepe mwakachetechete. Anapeza amayi ake ali pachingwe cha zovala. Ankadandaula.

"Taona, Neli," anatero amayi. "Juzi iyi ndinachapa kalekale. Mpaka lero ikudontha. Kwa a Eulalia zovala zimauma. Kwa a Teodoro zimauma. Kwathu kokha ayi."

Zinali zoona. Nelida ankapita kusukulu ndi masokosi onyowa. Anzake ankamuseka. Ankati wabwera ndi nyanja m'nsapato. Iye zinkamuchititsa manyazi.

Koma tsikuli Nelida anaima. Anayang'ana juzi ija.

Tho. Tho. Tho.

Pansi pa chingwe panali ponyowa. Panali patamera kaudzu kobiriwira. Mphepo inkamuomba kumaso. Inali yozizira. Inali yonyowa.

"Amayi, madzi awa akuchokera kuti?"

"Kwa mdani wanga, nkhungu," anatero amayi. "Mphepo imabwera nayo pakhomo pano ngati tinachita kuiitana."

Nelida analowa m'nyumba. Anatenga thumba la anyezi, lija la timabowo. Analipachika pachingwe. Pansi pake anaika chitini.

"Iwe, ukuyanika thumba louma?" anafunsa amayi.

"Ayi, Amayi. Ndikufuna linyowe."

Amayi anapukusa mutu. Koma thumbalo sanalichotse.

Kunacha. Linali Lamlungu. Nelida anatuluka osavala nsapato. Thumba linali litanyowa. M'chitini munali madzi. Sanali ambiri. Anangofika pakati.

Nelida ananyamula chitini ndi manja awiri. Thumba analikoleka paphewa. Anatsika masitepe pang'onopang'ono. Amayi ankamutsatira pambuyo.

Anadutsa padimba. Kamtengo kanali ndi tsamba limodzi. Nelida anafuna kukathirira pomwepo. Anafunadi. Koma anthu anayenera kuwaona kaye madziwo.

"Pirira pang'ono," anakauza. "Ndikubwera."

Kuseri kwa mwala anthu anali atasonkhana kale. Bambo Teodoro anali atayamba kumasula chingwe cha ukonde.

"Bambo Teodoro, dikirani," anatero Nelida.

Mawu ake anali aang'ono. Palibe anamva.

"Bambo Teodoro, dikirani!"

Onse anacheuka. Nelida anakweza chitini.

"Watunga kuti, mwanawe?" anafunsa Mayi Eulalia.

"Sindinatunge. Ndakola."

Anthu anaseka.

"Wakola m'chigubu cha amayi ako," anatero Bambo Teodoro. "Ifenso tinali ana, tikuzidziwa."

 Koma Nelida sanathawe.

"Ndakola ndi thumba ili," anatero. "Pachingwe chathu. Taligwirani."

Mayi Eulalia analigwira. Linali lozizira. Analifinya. Madzi anadontha.

Apo amayi a Nelida anabwera kutsogolo. Iwo sakonda kuyankhula pagulu. Koma tsikuli anayankhula.

"Aneba, mumandinena kuti sinditha kufinya zovala," anatero. "Ndimatha. Vuto ndi nkhungu. Imadutsa pakhomo panga ndi mphepo. Mwanayu sakunama."



Kenako Mayi Eulalia anagwira pakamwa. Anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi.

"Aneba, tinachita zotani ife?" anatero. "Tinabisa ukonde kuti mphepo isaupeze. Chonsecho nkhungu imayenda ndi mphepo."

Bambo Teodoro anakanda mutu.

"Koma mphepo ya kumtunda kuja si yocheza nayo," anatero. "Ing'amba ukondewu. Tikhala opanda madzi, opanda ukonde."

"Tikumba mozama," anatero amayi a Nelida.

"Ine ndili ndi waya," anatero wina.

"Ine ndibwera ndi miyala," anatero winanso.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero Mayi Eulalia. "Tiyeni, nyamulani."

Nelida anathamangira kudimba. Anathira madzi onse a m'chitini pakamtengo.

"Imwa," anatero. "Ena akubwera."

Anthu anasenza mitengo. Anasenza ukonde. Anasenza paipi ndi mgolo. Anakwera, anakwera, ali wefuwefu. Nelida ndiye ankatsogolera.

"Apa," anatero. "Pamene pali kaudzu apa."

Anakumba mozama. Anathira miyala. Anayamba kuimika ukonde.

Mphepo inabwera. Inakankha ukonde. Ukonde unafufuma. Mtengo umodzi unapendekeka. Chipewa cha Bambo Teodoro chinauluka, ulendo wa ku Lima.

"Gwirani chingwe!" anakuwa Mayi Eulalia.

Abambo anagwira. Amayi anagwira. Ana anagwira. Nelida anagwira mpaka manja kufiira. Mphepo inakoka. Anthu anakoka. Mphepo inakokanso. Anthu sanasiye.

Mtengo unawongoka. Anaumanga ndi waya uku ndi uku. Ukonde unaima nji.

Onse anakhala pansi. Anadikira.

Nkhungu inabwera kuchokera kunyanja. Inakwera phiri. Inalowa muukonde. Ukonde unayamba kunyezimira. Kadontho kanakumana ndi kanzake. Tiwirito tinatsetserekera pansi.

Tho.

Tho. Tho.

Bambo Teodoro anagwada. Anaika khutu papaipi. Anamvetsera.

"Akuyenda," anatero. "Aneba, madzi akuyenda."

Anadzuka. Anapukuta mawondo. Anamupatsa Nelida dzanja, monga amachitira ndi akuluakulu.

"Aneba aang'ono, mwatithandiza," anatero. "Nkhuku zanga ndizifolera ndi makatoni."

Nelida anamwetulira. Anaima mowongoka.

Mgolo sunadzaze tsiku lomwelo. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Madzi anafika m'munsi. Anafika pakati. Anafika pakamwa pa mgolo. Anthu anagawana masiku othirira. Anagawananso masiku otsuka ukonde.

Tomato wa Mayi Eulalia anadzuka. Anyezi anadzuka. Dimba linayamba kubiriwira.

Koma kamtengo ka Nelida sikanadzuke. Tsamba lomaliza lija linathothoka. Kanangotsala kandodo.

Nelida analira.

"Usalire, mwanawe," anatero Mayi Eulalia. "Tikupatsa kena."

"Zikomo," anatero Nelida. "Koma ndikadikira komweka."

M'mawa uliwonse ankakathirira. Amayi ake ankapita naye. Ankathirira, n'kuyang'ana. Panalibe kanthu. Ankathiriranso, n'kuyang'ananso. Panalibe kanthu.

Tsiku lina Nelida anawerama. Anaona tinthu tiwiri kunsonga kwa kandodo. Tinali tating'ono. Tinali tofiira.

"Amayi, tabwerani. Kamtengo kavulala."

Amayi anagwada. Anayang'anitsitsa. Kenako anamwetulira.

"Sikanavulale, Neli. Masamba atsopano a mapeyala amabwera ofiira."

"Ndi masamba?"

"Ndi masamba, mwanangu."

Nelida sanawakhudze. Anaopa kuwathyola. Anangowayang'ana, nkhope ili pafupi.

"Peyala loyamba lidzakhala lanu, Amayi," anatero.

"Langa ndekha? Nanga onse amene anagwira chingwe aja?"

Nelida anaganiza.

"Ndiye tidzalidula ting'onoting'ono," anatero.

Amayi anaseka. Anamukokera pachifuwa. Anamukumbatira mwamphamvu.

"Wandinyaditsa, mwana wanga," anatero.

Nelida nayenso ananyada. Ananyadira amayi ake. Ananyadira anthu a paphiri. Kamtengo kake kanali kamoyo.