Mawondo a Zena

"Ababa, kodi Zena amagwada yekha mukagona?" anafunsa Ajira, mwana wa zaka zisanu, m'mawa wa Lachiwiri.

Swadick anangoseka. Zena anali mtsikana wa m'katuni ya 3D imene iye ankapangira bungwe lina la ku Nkopola, yoti aipereke Lachisanu. M'katuniyo Zena ankapatsa mkulu wina madzi osamba m'manja ataimirira chilili. Kusukulu ya madzulo Swadick anaphunzira kusanja mayendedwe m'maleya, ngati zovala: leya yapansi yoyendetsa miyendo, ina pamwamba yotambasula manja, iliyonse ndi mphamvu yake yoti uwonjezere kapena kuchepetsa. Ya mawondo sanapange. Koma laputopu itachezera usiku kulumikiza zithunzi kuti zikhale kanema, mawondo a Zena anali atapindika pang'ono.

Anayang'ana maleya ake awiri aja, sanapeze cholakwika. Lachitatu mawondo anapindika kwambiri. Lachinayi Zena anali atatsala pang'ono kufika pansi, mutu ataweramitsa, maso ngati akuyang'ana Swadick.

Mbiri inawanda kwa Mponda konse. Ena amati chidole chikupempha nsembe, ena amati wina anachiona chikumwa tiyi.

"Achimwene, amenewo ndi majini," ananong'ona Uladi, mnansi wake wogulitsa usipa. "Lero akugwada, mawa akupemphani malo ogona. Fufutani zonse!"

Ntchito ya milungu itatu! Komabe Swadick anatsimikiza kuti kukacha afufuta. Anagona chagada, maso ali tong'o, mpaka tulo tinamuba.

Atadzidzimuka, mdima unali bii. Achule a mu Shire analira, kenako anakhala chete onse pamodzi. Ndiye kuchokera pabalaza kunamveka kaphokoso: tiki... tiki... tiki. Swadick anatambasula dzanja kuti adzutse mkazi wake, nagwira mphasa yokha. Majini amutenga! Ananyamula tsache, nayenda monyang'ama, akunong'ona pemphero. Patsogolo pa laputopu panakhala chinthu chofunda nsalu yoyera, nkhope yake ili yobiriwira ndi kuwala.

"Ndiwe yani?" Mawu anatuluka ngati a mwanapiye.

"Musadzutse mwana," chinatero chinthucho. "Tsachelo mukusesa usiku?"

Anali Naima, mkazi wake. Pansi penipeni pa mndandanda wa maleya, pamene Swadick sankafikapo, panali leya yachitatu yolembedwa kuti ULEMU. Mphamvu yake inali pa 90.

"Ndinakuuzani, bambo a Ajira, mtsikana sapatsa mkulu madzi ataimirira ngati mtengo wa magetsi. Munati mawondo ndi ovuta. Ndinati ndiziwonjezera pang'onopang'ono, mwina simuzindikira."

"Nanga munaphunzira kuti?"

"Chaka chonse munkabwereza maphunziro anu mokweza ine ndikusita. Mumayesa ndinali khoma?"

"Mwamva anthu akunena za majini, inu osanena kanthu!"

"Ndikanatani? Ndinali ndisanamalize."

Swadick anakhala pansi, tsache lili pamiyendo. Naima anakokera mphamvu ija pa 100. Zena anagwada bwinobwino, mofatsa, kuposa chilichonse chimene Swadick anapangapo. Anaonera kawiri, nasiya leya ija momwemo.

Kutacha, akumanga laputopu m'chikwama, Ajira anamukoka malaya.

"Ababa, simunandiyankhe. Amagwada yekha?"

Swadick anamunyamula, nasuzumira kukhitchini kaye, kenako anamunong'oneza:

"Iyayi, mwanangu. Amachita kuuzidwa ndi amayi ako. Ngati ine ndemwe."