Nthenga ya Nkhwali pa Chipewa cha Wina

Tsiku limene Gethin analowa m'sitolo ya zipangizo zowedzera, Mared anali atawerama patebulo akukulunga nthenga ya nkhwali pambedza, kuti ioneke ngati kachilombo kamene nsomba ya tirawuti imadumphira pamwamba pa madzi.

"Achemwali, nyambo zanuzi zimakola nsomba zokha kapena ndi anthu omwe?" anafunsa mnyamatayo.

"Anthu opusa okha," anayankha Mared osadzutsa mutu.

"Basi, ine ndakodwa kale."

Mwamuna wa pakamwa potsekemera chonchi ndi woyenera kumuthawa. Koma ndani anathawapo uchi? Pasanapite nthawi foni ya Mared inali yosapuma. "Wadzuka bwanji, duwa langa?" "Mtima wanga, popanda iwe ndine mtsinje wouma." Mared ankaseka yekha m'sitolomo mpaka ogula kumudabwa.

Kumapiri a ku Wales kuno msodzi saulula dziwe lake, ngakhale kwa m'bale wake wabere limodzi. Malemu bambo ake a Mared anali ndi lawo kuseri kwa mlatho wakugwa, ndipo m'menemo munkakhala chitirawuti chachikazi chong'ambika chipsepse chakumchira. Chaka chilichonse ankachikola, kuchisisita, n'kuchibwezera m'madzi.

"Ameneyu ndi mayi wa mtsinje uno," ankatero. "Dziwe ili udzaonetse munthu mmodzi yekha, amene udzamange naye banja."

Mared anaonetsa Gethin dziwelo. Anam'mangiranso nyambo ya nthenga ya nkhwali ndi ulusi wofiira womwe anasolola ku juzi ya bambo ake. Gethin anaipsompsona nyamboyo, misozi ili lengelenge m'maso.

"Tsiku lotseka nyengo yowedza, masamba akamadzayoyoka, ndidzagwada pompano ndi mphete," anatero. "Ukadzandiona ndanama, udzandiponye m'madzimu."

Tsikulo linafika kumapeto kwa Seputembala. Mared anadzuka m'mamawa, ndipo ali mkati mopesa tsitsi foni inalira.

"Wachikondi, usavutike kubwera. Mtsinje wasefukira, madzi ndi matope okhaokha, masamba akungokola mbedza. Tidikire chaka chamawa, mphete siwola."

Mared anasuzumira pawindo. Wasefukira ndi mvula yake iti? Mwezi wonse asodzi ankangodandaula m'sitolo muja kuti madzi aphwera, ali mbee, moti nsomba zikungoona chithunzithunzi cha munthu n'kuthawa. Kunama n'kunama, koma kunamiza munthu amene amamva za mtsinje m'mawa uliwonse ndi chipongwe. Anavala majombo ake, tiyi n'kumusiya akuzizira.

Asanafike pamlatho anamva kuseka kwa mkazi. Madzi anali mbee, masamba achikasu akuyandama pang'onopang'ono. Gethin anaima m'madzi kumbuyo kwa mtsikana wina, atam'gwira dzanja, akum'phunzitsa kuponya chingwe.

"Mofatsa, duwa langa, mofatsa," ankatero.

Duwa lake! Mared anaima pagombe n'kuwayang'anitsitsa. Pachipewa cha mtsikanayo panali nthenga ya nkhwali yokulungidwa ndi ulusi wofiira.

"Matope aja ali kuti, Gethin?"

Gethin anatembenuka, ndodo yowedzera n'kugwera m'madzi. 

"Pepani achemwali, ndinu ndani?" anafunsa mtsikanayo. "Ine ndine Lowri. Dziwe lino ndi la agogo ake a Gethin, sapafika wina aliyense."

"La agogo ake? Nanga nyambo ili pachipewa chanuyo?"

"Anandimangira yekha."

Mared anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. "Munthu amene amandipempha kuti ndim'mangire ngakhale mfundo ya mbedza? Tamanga ina tione, katswiri iwe."

"Mared, mtima wanga, tamvera kaye..."

"Usanditchule mtima wako. Uli nayo ingati mitimayo?"

Apa ndi pamene anaona chinthu chonyezimira paudzu. Anayandikira. Inali nsomba yaikulu, mutu utaphwanyidwa ndi kachibonga, chipsepse chakumchira chong'ambika. Timazira tofiira tinali titatayikira pamasamba.

"Wapha mayi wa mtsinje," anatero motsitsa mawu.

"Lowri amafuna chithunzi, ndiye imangophiriphitha," anatero Gethin. "Ndi nsomba chabe, Mared."

Mawu amenewa ndi amene anathyola zonse. Zoti ali ndi mkazi wina mwina akanalira n'kuiwala. Koma izi?

"Nsomba chabe? Mwana wamng'ono m'mudzi muno amadziwa kuti masamba akamagwa yaikazi imakhala ndi mazira, ukaikola umaibweza. Bambo anga anaigwira ndi manja onyowa zaka zonsezi osaichotsa ngakhale mamba. Iwe wabwera dzulodzuloli, wadya chinsinsi changa, waveka chibwenzi chako ulusi wa malemu pamutu, n'kumati nsomba chabe? Ndiwe mbava, Gethin. Mbava yopanda ndi manyazi omwe!"

Gethin anapisa dzanja m'thumba mwachangu. "Mphete ndili nayo, taona. Ndimangosokonezeka maganizo, koma ndiwe wekha..."

"Mphete iti?" anadula Lowri, nkhope itasintha. "Imene wati undiveka lero tikamaliza kuwedza?"

 Lowri anazula nyambo ija pachipewa, n'kuiika m'dzanja la Mared.

"Sindimadziwa, achemwali. Mundikhululukire," anatero, n'kukwera mtunda osacheuka.

"Nawenso choka," Mared anauza Gethin. "Unati ndidzakuponye m'madzi, koma sindingadetse mtsinje wa bambo anga. Ndikadzakuonanso kuseri kwa mlathowu, asodzi onse a chigwa chino adzamva chimene wachita, tione amene adzakupatse moni."

Gethin anatola ndodo yake n'kuzemba ngati galu wakuba mazira.

Pamalo pamene iye analonjeza kudzagwada, amene anagwada anali Mared. Ananyowetsa manja monga ankachitira bambo ake, n'kunyamula nsomba ija mosamala. Anaitsitsira m'madzi mutu utaloza kumtunda, n'kuigwirizira, misozi ikugwera padzanja.

"Pitani, mayi," ananong'ona, n'kutambasula zala.

Nsombayo inatembenuka chagada, n'kutsetsereka limodzi ndi masamba.