Mwendo Wamanzere wa Florinda

Florinda anali atamanga kale kampukutu ka zovala pamene mkulu wake Celina anamupeza pamsika wa ku Ntengo-Wambalame. Anali pamzere wa atsikana khumi ndi awiri, nkhope ili ngwee ngati wafika kale m'tauni. Kutsogolo kwa mzerewo kunaima bambo wa malaya oyera, kope ndi cholembera zili m'manja. Ankati dzina lake ndi Vasco, ndipo watumidwa ndi patarawo, bwana wina wa mumzinda wa Tete, kudzalemba atsikana okaphika m'nyumba yodyera.

Chinali chaka cha 1986, nkhondo itavuta. Sukulu inali yotseka, aphunzitsi atathawira ku Malawi, mchere ndi sopo zikusowa. Ndiye munthu abwere ndi nkhani ya ntchito ya m'tauni, ya chakudya katatu pa tsiku ndi diresi yatsopano, ndani akanatseka makutu? Florinda, wa zaka khumi ndi zisanu, anali atatopa nako kukumba mbatatesi m'chisanu cha ku Tsangano, ndipo sankabisa.

Atsikana awiriwa ankaleredwa ndi azakhali awo, a Madalena, amene anali ndi munda waukulu wa mbatatesi. Chaka chilichonse azakhaliwo ankalemba aganyu, ndipo Celina anakula akuonerera. Munthu ankayamba wapatsidwa khasu kuti akumbe mzere umodzi. Akatema mbatatesi, basi, ulendo wa kwawo. Ankafunsidwa kumene achokera, amene anawagwirirapo ntchito, ndi chimene anasiyira. Tsiku lina a Madalena anabweza chimunthu champhamvu zedi, chifukwa za munda sichinafunse n'kamodzi komwe, chinkangofuna kudziwa kumene ng'ombe zimagona.

Koma a Vasco awa za kuphika sankazitchula n'komwe. Ankamuyang'ana mtsikana kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, monga amachitira munthu wogula ng'ombe ya pangolo, kenako n'kulemba dzina. Panalibe amene ankabwezedwa.

Celina analowa pamzere kumbuyo kwa mng'ono wake n'kutchera khutu. Bamboyo ankafotokoza kuti kamiyawo, galimoto yaikulu ya katundu, ikuwadikira kutsidya kwa mtsinje, pamsewu wakale, ndipo anyamuka lero lomwe dzuwa lisanafike pamutu. Za giya, kalata ija yoyendera, anati asavutike nazo. Kwa asekeretaliyo, akulu oyang'anira mudzi, anatinso asapiteko, angowachedwetsa.

Kutsidya kwa mtsinje? Mlatho wa kumeneko unatenthedwa zaka ziwiri m'mbuyomo ndipo msewu unamera udzu. N'chifukwa chake mbatatesi za azakhali ankachita kuzisenza pamutu mpaka kumalire. Celina anachita mantha, komatu sanali mtsikana wothawa asanafunse.

Itafika nthawi yake anafunsa dzina la patarawoyo ndi la nyumba yodyerayo. A Vasco anaseka n'kunena kuti zonsezo akaziona konko.

"Bambo, ine ndinene zoona," anatero Celina. "Kuphika sindidziwa. Nyemba ndimapsereza, ndiwo zamasamba ndimaphika zosapsa."

Linali bodza la mkunkhuniza. Nthawi yokolola Celina ankaphikira aganyu makumi awiri ali yekha. Koma a Vasco sanadzutse n'komwe mutu. Anati palibe kanthu, akaphunzira, ndipo dzina linalowa m'kope.

"Nanga mng'ono wangayu mwamulembayu? Pophika amaposa tonse tili pano. Kungoti mwendo wake wamanzere umatupa akayenda mtunda wautali."

Cholembera chinaima. Bamboyo anayang'ana mwendo wa Florinda, n'kukhwatcha dzina lake pomwepo.

"Ameneyo ayi," anatero.

Florinda anakuwa kuti ndi bodza, mwendo wake ndi wabwinobwino, analumphalumpha kuti onse aone. Koma a Vasco anali atayang'ana kale kwa wina. Apo Celina anakweza mawu kuti mzere wonse umve.

"Ine wosadziwa kuphika mwandilemba. Wodziwa kuphika mwamukana chifukwa cha mwendo, chonsecho mukuti tikwera kamiyawo. Mukufuna ophika kapena osenza katundu? Dzina langa lomwe khwatchani."

Nkhope ya a Vasco inasintha. Anati atsikana apakamwa ngati ameneyu amakalambira m'munda, ndipo wofuna moyo wabwino awatsate tsopano lino. Ambiri anayang'anana n'kuchoka pamzere, koma anayi anatola timipukutu tawo n'kuwatsata. Mmodzi mwa iwo anali Francisca, mnzake wapamtima wa Florinda. Celina anamugwira mkono kumuchonderera, iye n'kuukutumula. Kwawo kunali ana asanu ndi awiri opanda bambo.

Celina anamukoka Florinda mpaka kunyumba, nakauza azakhali, azakhali nakauza asekeretaliyo. Amuna a m'mudzi atafika kumtsinje sanapeze munthu. Matayala a galimoto sanaoneke paliponse. Panali mapazi okhaokha, olowera kutchire.

Mukuganiza kuti Florinda anathokoza? Ayi ndithu. Anati mwina kamiyawoyo inaima patsogolo pang'ono. Anati mkulu wake ndi wansanje, wamuchititsa manyazi pamsika, ndipo tsopano kuchitsime anzake akumutcha Namwendo. Milungu inayi yathunthu sanamulankhule Celina. Akamadutsa pafupi naye ankaponda mwamphamvu ndi phazi lamanzere, di di di, mpaka fumbi. Celina zinkamupweteka, koma sanapepese. Ankadziwa chimene anaona.

M'mawa wina, anthu akupita kumunda, Francisca anatulukira kumapeto kwa mudzi akuyenda ndi ndodo. Amayi ake anachita kumuyang'ana kawiri. Mapazi anali otupa ndi ong'ambika, ndipo pakati pa mutu tsitsi linali litatha chifukwa cha katundu. Ku Tete sanafikeko. Tsiku lomwe lija bambo wa malaya oyera anawapereka kwa anthu a mfuti, ndipo kuyambira pamenepo ankasenza matumba a chimanga ndi mabokosi olemera m'mapiri a ku Macanga. Wotopa ankasiyidwa panjira. Iye anathawa atatumidwa kukatunga madzi, kufupi ndi Chidzolomondo. Za anzake atatu aja sankadziwa kanthu.

A Madalena anatenthetsa madzi n'kuyamba kumuthowa mapazi. Florinda ndiye anagwira beseni. Misozi inkangotsika osaipukuta.

Pobwerera kunyumba Florinda ndi Celina anafika pamunda wa mbatatesi. Pamenepo Florinda anaima.

"Mana Celina," anatero chapansipansi, monga ankamuitanira mkulu wake kale, "unali mwendo uti uja munanena?"

"Wamanzere."

Florinda anagwedeza mutu n'kugwira dzanja la mkulu wake. Kuyambira tsiku limenelo mpaka nkhondo itatha, mlendo aliyense wobwera pamsika ndi kope ndi malonjezo ankapeza mtsikana wina wa mafunso osatha atamuima patsogolo. Akalephera kuyankha, mtsikanayo ankaitana anzake n'kumapita, akutsimphina mwendo wamanzere.