Thabwa la Padoko

Pakhomo pa a Gideon ku Chiromo mlendo ankayamba wamwa madzi asanafunsidwe dzina. Bamboyo ankalima thonje ndi mapira, ndipo ngalawa ya katundu ikakocheza padoko ankapita kukasenza mabelo. Akazi awo, mayi Dorika, ndiwo ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi. Mwana anali naye mmodzi, Simoni, mnyamata wa manja olimba ndi mutu wabwino, koma wa nthenda imodzi: ankafuna kuti anthu azimuyang'ana. Akanena kanthu anthu n'kuseka, tsiku limenelo ngakhale chakudya sankachikumbuka.

Chaka china, thonje litagulidwa, kunafika mzungu woyendayenda ndi makina a zithunzi zoyenda. Lero timati kanema, koma masiku amenewo ankati bayisikopo. Anabwereka shedi ya thonje, natseka mazenera ndi masaka, napachika nsalu yoyera kukhoma. Dzuwa la kuchigwa kuno mukulidziwa. Munthu ankalowamo wouma n'kutulukamo ngati wavumbidwa ndi mvula, koma anthu anadzaza mpaka pakhomo, akulu a mpingo omwe. A Gideon anapita chifukwa Simoni anawakakamiza.

Pansalupo panatuluka azungu awiri, mabwenzi, onse akuba. Sankamveka mawu, choncho anthu anawapatsa okha mayina: wina Wachipewa, wina Wandevu. Wandevu ankapereka moni wa manja awiri kwa wogulitsa buledi, Wachipewa n'kumatenga buledi kumbuyo. Shedi yonse inagwa nako kuseka. Kenako awiriwo anaba nsalu m'ngalawa, natsika pathabwa lopita kumtunda, wapolisi ali pambuyo. Wachipewa atafika kumtunda sanacheuke. Anayang'ana anthu, navula chipewa, nawerama mwaulemu, n'kukankha thabwalo ndi chidendene. Wapolisi uja anagwera m'madzi.

Apo a Gideon anadzambatuka.

"Muvuuleni munthuyo," anakuwa. "Mukuseka chiyani? Ng'ona zimugwira."

Anthu anasiya kuseka za pansalu n'kuyamba kuseka a Gideon. Wapolisi uja anavuuka yekha, akulavula madzi, kansomba kali m'thumba la jekete. Amayi ankapukuta misozi, ena ankamenya mnzawo pamsana osamudziwa n'komwe. Simoni anachita manyazi ndi bambo ake moti anaweramitsa mutu. Koma makutu ake anali tcheru, ndipo chimene anamva tsiku limenelo chinamulowa m'mafupa: anthu mazana akusekerera wakuba, wosamudzudzula ndi mmodzi yemwe.

Potuluka anakumana ndi Sebastiano, mnyamata wa kutsidya kwa mtsinje wa Ruo amene ankakhala kwa achibale ake pafupi ndi msika, wa pakamwa potsekemera, wolankhula Chimang'anja chosakaniza ndi Chisena.

"Shamwali, waona?" anatero Sebastiano. "Munthu akaba atakwinya nkhope, amamumenya. Akaba akuseketsa, amamuombera m'manja. Iwe uli ndi nkhope ya Wachipewa. Ndevu ndisunga ndine."

Anayamba ndi zazing'ono. Simoni anapeza chipewa chakutha chimene kapitao wina anataya, naphunzira kuyenda ngati wa pansalu uja. Pamsika Sebastiano ankapereka moni wa manja awiri kwa mayi wogulitsa zitumbuwa, Simoni n'kumatola kumbuyo, akutsinzinira diso anthu. Kodi mukuganiza kuti alipo anakuwa kuti wakuba? Ayi ndithu. Abambo andevu zawo ankagwira pamimba, ena n'kumalandira nawo zitumbuwazo. Mawa lake zinali nsomba zouma. Mkuja wake linali dengu lonse la masau. Anyamata awiriwa akangotulukira, anthu ankasiya malonda n'kumakodolana kuti bayisikopo yafika.

Mayi Dorika atamva anamuitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Simoni, zimene ndikumvazi n'zoona?"

"Ndi masewera chabe, amayi."

"Masewera amene mwinikatundu amapita kwawo dengu lili lopanda kanthu? Anthu akusekawo sakukukonda, mwana iwe. Akuseka chifukwa dengulo si lawo."

Simoni anavomera ndi pakamwa, mtima uli kumsika.

Tsiku lina anachita chimene anthu a ku Chiromo anakamba mwezi wathunthu. Anamasula mbuzi ya a Clotilda, mayi wamasiye wa m'tchalitchi mwawo momwe, naiveka jekete ndi chipewa, naigwira miyendo yakutsogolo wina uku wina uku, n'kudutsa nayo pakati pa msika ngati akuperekeza mnzawo woledzera. Anthu anagubuduka. Madzulo ake mbuziyo inawotchedwa kubango, ndipo odya nawo sanasowe.

A Gideon anamasula mbuzi yawo nakaipereka kwa a Clotilda. Atabwerako anapeza Simoni atakhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Ndakusenzera manyazi lero msika wonse ukuona," anatero mwaukali. "Ndinakubatiza dzina la mtumwi kuti uzikaveka mbuzi jekete? Mayi uja anali ndi mbuzi imodzi yomweyo."

"Koma bambo, anthu onse anaseka. Ngakhale akulu a mpingo ndinawaona ndi maso angawa."

"A Clotilda anaseka?"

Simoni anangotembenuza chipewa pabondo pake.

"Ndikukufunsa. Anaseka? Za pansalu zija palibe amene amagona ndi njala, palibe amene amatuluka magazi. Akatseka makina onse amapita kwawo. Kuno si pansalu. Leka lero, usanaphetse munthu."

Pamenepo Simoni ananena mawu amene mwana woleredwa sanganene.

"Inu zoseketsa simuzidziwa, bambo. Paja ndinu munkafuna kuvuula munthu wa pansalu. Chiromo yense amakusekani mpaka lero."

A Gideon sanakweze dzanja. Mayi Dorika ndiwo anatuluka m'nyumba ali ndi chikuni, koma Simoni anali atavala kale chipewa chake, akuyenda mwa Wachipewa kulowera kwa Sebastiano. Sanabwererenso kudzagona kwawo.

Masewera oipa ali ndi vuto limodzi: za dzulo sizisekesanso lero. Anthu anayamba kutopa nazo za zitumbuwa, ndipo amalonda anayamba kukhalira madengu awo. Wina anawafunsa pamsika kuti, "Nanga ija ya thabwa mudzatichitira liti?" Funso limeneli linamusowetsa Simoni mtendere.

Kenako padoko panakocheza ngalawa yodzaza nsalu za m'sitolo, yodzatenga thonje pobwerera. Mlonda wake anali a Hilario, bambo wonenepa, waukali, wosalekana ndi chibonga.

"Shamwali, Mulungu watipatsa wapolisi wathu," anatero Sebastiano. "Ine ndizula chikhomo chimene chagwira thabwa. Tikwera masana, onyamula katundu akupuma. Titenga mpukutu umodzi. Iwe utsike pambuyo panga, ndipo usacheuke. Ukacheuka wawononga zonse."

"Nanga ng'ona?" anafunsa Simoni.

Funsolo silinali lachibwana. Mwana aliyense wa ku Chiromo ankadziwa kuti kumunsi kwa dokolo asodzi ankatayirako matumbo a nsomba, ndi kuti amayi potunga ankamangirira chikho kunsungwi yaitali, osaponda m'madzi.

"Masana ng'ona zimakhala zikuwothera dzuwa pamchenga," anayankha Sebastiano. "A Hilario angonyowa basi. Kapena nawenso wayamba kukalamba ngati bambo ako?"

Mawu omalizawo ndi amene anatseka nkhani. Sebastiano anali atanong'oneza kale anthu, ndipo dzuwa lili paliwombo padoko panadzaza ngati pali ukwati. Anthu akuluakulu, odziwa bwino lomwe zimene zili m'madzi a Shire, anakhala pamthunzi kudikira kuti aone munthu akugwetsedwamo. Panalibe ndi mmodzi yemwe wopita kukachenjeza mlonda.

Anyamata aja anakwera. Sebastiano anapatsa a Hilario moni wa manja awiri, Simoni nanyamula mpukutu wa nsalu, nauponyera mnzake, onse n'kuliyatsa liwiro. Chimene Simoni sankadziwa, popeza sankagonanso kwawo, n'chakuti bambo ake anali atalembedwa ganyu m'ngalawa yomweyo, ndipo anali m'kati akusanja mabelo. A Gideon ataona mwana wawo ndi nsalu yakuba, ataonanso a Hilario akutola chibonga, anathamanga n'kumupitirira mlondayo. Ankafuna kuti mwanayo agwidwe ndi dzanja la bambo ake, chibonga chisanamupeze.

Simoni anafika kumtunda. Anamva thabwa likugwedezeka ndi mapazi a munthu wolemera. Anamvanso ngati wina akuitana dzina lake, koma anthu anali akukuwa kale mokondwa, ndipo dzina lake linali pakamwa pa aliyense. Sanacheuke. Anayang'ana khamu lija, navula chipewa, nawerama mwaulemu, n'kukankha thabwa ndi chidendene.

Madzi anachita phava, ndipo anthu anaseka. Inde, anaseka. Simoni anali asanamvepo kuseka kokoma ngati kumeneko, ndipo anaweramanso kachiwiri. Ali chiweramire, kusekako kunayamba kuzima, kuyambira kwa amene anali kutsogolo. Mayi wina anagwira kumutu. Ndipo kuchokera m'ngalawa, kumwamba, kunamveka mawu a a Hilario, amene Simoni ankayesa kuti ali m'madzi.

"A Gideon, gwirani chingwe. Gwirani chingwechi."

Simoni anacheuka tsopano. Anaona mutu wa bambo ake, ndi dzanja likufikira chingwe. Bamboyo ankadziwa kusambira, ndipo kunatsala pang'ono. Kenako madzi anatumphuka kumbuyo kwawo, msana wakuda unaonekera kamodzi, ndipo a Gideon anamira ngati munthu wakokedwa mwendo. Asodzi anakankha mabwato, namenya madzi ndi nkhafi, nafufuza m'bango mpaka dzuwa kupendeka. Simoni anaima pomwepo akudikira, chifukwa mumtima mwake munali kanthu kopusa kakumuuza kuti munthu akagwa pathabwa amavuuka akulavula madzi. Shire sanabweze kanthu.

Tsono taonani khamu lija. Omwe aja ankadya nawo mbuzi ya a Clotilda, omwe aja anafunsa za thabwa, ndiwo anayamba kutola miyala. "Mwana woipa uyu tinamuona kale," ankatero. "Ife tinkanena." Ankanena liti? Akanapanda a Hilario kumutchinga ndi chibonga chomwe chija, Simoni akanafera pomwepo. Sebastiano sanaonekenso. Pamene anthu ankayang'ana m'madzi, iye anali akuwoloka Ruo, mpukutu wa nsalu uli paphewa.

Popeza mtembo sunapezeke, achibale anakulunga thunthu la nthochi mumphasa n'kuliika m'manda. Asilikali a boma analola Simoni kuima chapatali, manja ali m'unyolo. Mwambo utatha mayi Dorika anapita pamene anaima. Sanalire. Anali atanyamula chipewa chija, chimene wina anatola padoko.

"Tenga," anatero, nachiponya pamapazi ake. "Vala. Anthu ako si awa adzaza pamandawa? Aseketse tione."

"Amayi, sindinadziwe kuti anali iwo."

"Ukanadziwa kuti ndi a Hilario zikanakhala bwino? Alibe ana a Hilario? Bambo ako anaimirira m'shedi muja kulirira munthu wa pansalu, iwe n'kuchita nawo manyazi. Lero ndaika nthochi m'manda. Ndinakubala ndine, ndipo kukupempherera sindisiya, koma nkhope yako sindikufuna kuiona."

Simoni anagwira ukaidi zaka zambiri, akuphwanya miyala. Atatuluka anapeza amayi ake atabwerera kwawo ku Maseya, ndipo pamene panali nyumba yawo panali mapira a munthu wina. Ankapita kutchalitchi n'kumakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo palibe anamumvanso akunena choseketsa.

Chaka china bayisikopo ija inabweranso, shedi yomweyo, akuba awiri omwewo. Anthu anadzazanso. Simoni ankadutsa panja atasenza mtolo wa bango, ndipo anamva phokoso likukwera pang'onopang'ono, kenako n'kuphulika. Sanafunikire kuona nsalu. Anadziwa kuti thabwa lagwa. Anatula mtolo pansi, nakhala m'fumbi, natseka makutu ndi manja onse awiri, koma kusekako kunkamvekabe.

Inu anyamata ndi atsikana amene mukuwerenga izi, imvani mosabisa. Kuba ndi kuba, ngakhale msika wonse ukuombereni m'manja. Tchimo likavala chipewa choseketsa silisiya kukhala tchimo, ndipo anthu amene akukusekererani lero sadzakusenzerani mlandu mawa. Makolo anu akakudzudzulani pamene ena onse akuseka, mverani makolowo. Nanunso amene mumakhala pamthunzi n'kumakodolana kuti mwana wa mnzanu achite choipa muone, musadziyese osalakwa. Chidendene chinali cha Simoni, koma pathabwa lija panali manja a Chiromo yense.